Ziro wa a Jones

"Chaka chonse, ziro. Lembani bwinobwino kuti ziro."

Amene ankalankhulawa anali a Jones Kamwendo, mlangizi wa achinyamata pa mpingo wina wa pa Mitundu. Anaima pakhonde la sitolo ya mayi Alima, foni ili kukhutu, koma mawu akuwaponya ngati akufuna kuti akafike okha ku likulu la mpingo foniyo ikalephera.

"Ku Nathenje kwapezeka ana asanu ndi awiri ozunzidwa. Ku Diamphwe anayi. Kuno kwa ine palibe. Bokosi la madandaulo lilipo, kiyi wake ali pakhosi pangapa. Munthu adzangondisonyeza mwana mmodzi yekha amene ndinamulakwira, kiyi ameneyu ndidzamuvula pamaso pa akulu. Eya. Lachinayi mubwere nayo satifiketiyo."

Pakhonde lomwelo panali makina osokera a mayi Agnes, ndipo eni akewo sanadzutse mutu. Anangonyowetsa ulusi ndi malovu n'kuulowetsa pa singano. Iwo ndi amene ankasoka yunifolomu ya kwaya, komanso ndiwo anali mayi woyang'anira atsikana a mumpingomo. Ziro wa a Jones ankamukayikira chifukwa cha nkhani ya nsalu. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mtsikana wina wa m'kwaya dzina lake Pempho anabwera kudzapempha kuti bulauzi yake ikhale ya manja aatali.

Chaka chatha, likulu linaitana alangizi a achinyamata kumaphunziro a masiku atatu a momwe angathandizire ana ochitiridwa nkhanza. Mayi Agnes anabwerako ndi kope lodzaza. A Jones anabwerako ndi kapu, malaya olembedwa kumsana, ndi bokosi lathabwa lokhala ndi loko. Kumaphunziroko ananena zinthu zosavuta kumva: bokosi litsegulidwe ndi anthu awiri pamalo obisika, zolembedwa zisawerengedwe pagulu, wodandauliridwa asauzidwe mwanayo asanatetezedwe. Mayi Agnes anaimirira pamaso pa atsikana n'kulonjeza kuti chilichonse chogwera m'bokosimo chidzathera m'makutu mwawo. Koma lokoyo anabwera ndi kiyi mmodzi, ndipo a Jones anati kiyi ndi udindo. Mwezi uliwonse ankanena kuti ayang'anamo, mulibe kanthu.

A Jones atachoka, mayi Alima anasuzumira pazenera la sitolo.

"Anzanga, mwabwera liti kumaliro kuja ku Diamphwe?"

"Lero lomwe m'mamawa."

"Ndiye simunamve. Mwana wanu wa kwaya ali kuchipatala chigonere dzulo. Wa manja aatali uja. Akuti wagwa pa kabaza."

Makina anaima.

*

Pempho anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mayi ake anali pautenanti ku esiteti ina ya fodya ku Kasungu, ndipo anamutumiza kwa atsibweni ake kuti aziphunzira sekondale. Mayi Agnes anamupeza kuchipatala atagona chopenya kukhoma, mkono wamanja uli m'chikhakha, mlomo utatupa. Pambali pa bedi panakhala atsibweniwo, a Jeremiah, mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya, Baibulo lili pamwendo.

"Mayi, mwachita bwino kubwera. Ana a masiku ano, kukwera njinga foni ili m'manja. Ine ndinali ku Nathenje kumsonkhano wa akulu a mpingo. Ndinanyamuka mapemphero atangotha, ndabwerako dzuwa litalowa. Kufika pakhomo, akuti mwana wagwa."

Mayi Agnes anali asanafunse kuti anali kuti. Anawayang'ana n'kuona kuti china chikusowa. A Jeremiah anali atavala malaya okha. Munthuyu ankavala jekete lake lakuda ngakhale popita kudimba, moti ana ankati anabadwa nalo.

"Adokotala akuti chiyani?"

"Lachinayi akutuluka. Ndidzamutenga ndekha. Pakhomo ndiye pabwino kuchilira."

Namwino anaitana a Jeremiah kuti akasaine mapepala. Atatuluka, mayi Agnes anagwada pambali pa bedi.

"Pempho, mwana wanga. Wakupanga izi ndani?"

Mtsikanayo sanatembenuke. Anayankhula ndi khoma.

"Munati zidzathera m'makutu mwanu."



*

Wakabaza amene ankanenedwayo anali Blessings, bambo wa ana awiri. Mayi Agnes anamupeza pasiteji akupukuta njinga yake yamoto ndi sokosi.

"Mami, taionani njingayi. Zungulirani mbali zonse. Pali pamene pakalika? Galasi liripo, ma indiketa alipo. Munthu kugwa mpaka kuthyoka mkono, njinga osamva kanthu? Ndiye kuti anagwa yekha kuchokera kumwamba?"

"Nanga bwanji mzinda wonse ukuti wamugwetsa ndiwe?"

"Ndi zimene madala aja, atsibweni ake, anauza anamwino. Ine ndinangoti phee. Panopa makasitomala akundithawa, akuti Ble amagwetsa ana asukulu."

"Unamutenga kuti?"

Blessings anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Kuchigafa kwawo, kumene amayanika fodya. Ndinamupeza ali pansi kale, mami. Pambali pali ndodo ija amapachikirapo fodya, itathyoka pakati."

"Anakuitana ndani?"

"Eni akewo. Onani, foni siinama." Anatembenuza foni: 5:10.

"Dzuwa linali litalowa?"

"Mu Novembala dzuwa kulowa faifi? Linali likuwotcha bwinobwino."

"Ndiye ukanena zimenezi kupolisi."

Blessings anabwerera kupukuta galasi loyera kale.

"Mami, a Jeremiah ndi ankhoswe a ukwati wanga. Ndikawatchula ndekhandekha, madam akanyamula katundu ndikadandaula kwa ndani? Apezeke wina woyamba, ine ndidzakhala wachiwiri."

*

Lachiwiri mayi Agnes anapita kwa a Bester, woimba kiyibodi, munthu amene ankapepesa ngakhale kwa mpando akaugunda. Anawapeza mu holo ya mpingo akumata waya ndi selotepi. Bokosi lija linali pakhoma, pansi pa chithunzi cha a Jones akulandira bokosilo.

"Pepani mayi, ine sindikufuna kunena munthu. Pepani. Koma Lamulungu pamsonkhano wa achinyamata wa 2 koloko, mlaliki sanabwere. A Jones anati m'malo mongokhala, titsegule bokosi tipempherere zimene zili m'menemo."

"Pagulu?"

"Pepani. Anati ndi koyamba kugwa kanthu, tiyenera kuthokoza. Munali kapepala kamodzi. Anawerenga ndi maikolofoni."

"Anati chiyani?"

"Za kumenyedwa ndi atsibweni. Ndi ndodo ya fodya. Ndipo dzina anatchula, mayi. Anayamba ndi dzinalo. Anthu makumi asanu onse kutembenuka kumuyang'ana. Anyamata ena kumbuyo anaseka. Mwanayo anaimirira, anasiya buku la nyimbo pabenchi, anatuluka. A Jones anati tiyeni titseke maso."

"Inu munatseka?"

A Bester anayang'ana selotepi.

"Ndinaimba nyimbo yapansipansi. Ndi zimene ndimachita akamapemphera. Pepani."

*

A Jones analandira mayi Agnes m'kachipinda kamene ankakatcha ofesi, mmene munkasungidwanso matsache ndi ng'oma yong'ambika.

"Dzina? Ine? Mayi Agnes, ndinaphunzira masiku atatu athunthu. Ndikulumbira pa Baibulo ili, sindinatchule dzina la munthu. Kapepalako kanalibe n'dzina lomwe. Linali pempho la pemphero basi, ngati mapempho ena onse."

"Mwana kunena kuti akumenyedwa, ndi pempho la pemphero?"

"Chilichonse ndi pempho la pemphero. Mlandu umayamba pamene pali dzina. Popanda dzina, fomu ya ku likulu tilembapo chiyani? N'chifukwa chake ndikuti ziro."

"Kapepalako kali kuti?"

"Ndinakawotcha, kusunga chinsinsi. Komanso musandiyang'ane choncho. Za ngozi ya mwana uja zikukhudzana bwanji ndi pemphero langa? A Jeremiah anali ku Nathenje. Sanamve kanthu."

"Ine ndatchula a Jeremiah?"

A Jones anagwira kiyi wa pakhosi pawo ngati akufuna kutsimikiza kuti akadalipo.

"Ndangoyerekeza."

Mayi Agnes anatuluka ali ndi vuto la masamu. A Bester sankadziwa kunama, mantha sankawalola. A Jones ankadziwa, koma osati atagwira Baibulo, ndipo nkhope yawo polumbira inali ya munthu wolakwiridwa zenizeni. Wina akuti dzina linatchulidwa, wina akuti ayi, ndipo onse awiri akuoneka kuti akunena zoona.

*

"Ine za mpingo wanu sindilowerera," anatero mayi Alima akuyeza shuga, "koma khonde ndi langa, ndipo makutu sindinatseke."

"Munaona chiyani?" anafunsa mayi Agnes.

"Lamulungu nditangomaliza kuswali, cha m'ma 4 koloko, ndikutsegula zenera, ndinaona a Jeremiah akutsika pa njinga yamoto kuchokera ku Nathenje. Jekete lili pathupi. Aziro anu aja anawathamangira. Anakhala pabenchi lanuli, anagula zakumwa ziwiri, mabotolo sanabweze mpaka ndinawatsatira."

"Munamva zimene ankakambirana?"

"A Jones anati, 'M'bale wanga, ine sindikonda milandu. Lachinayi kukubwera alendo. Kakonzeni za pakhomo panu mwakachetechete.' Ndiye anawapatsa kapepala. Enawo anawerenga, anakapinda kanayi, anaika m'thumba lam'kati. Anathokoza mwaulemu kwambiri. Chakumwa sanamalize."

"Mungakanene zimenezi?"

"Kulikonse. Koma mukuwadziwa anthu anu. Adzati Alima wa sitolo akunyoza mpingo wa eni. Pezani kapepalako, anzanga. Pepala silipemphera mbali iliyonse."

Linali Lachiwiri madzulo. Kunatsala tsiku limodzi lathunthu kuti a Jeremiah akatenge mwana kukachilira pakhomo.

*

Lachitatu m'mawa, mayi Agnes akuchotsa nsalu yovindikira makina, panafika Nachisale, mkazi wa a Jeremiah. Anali mayi wowonda, woyenda m'mbali mwa msewu ngakhale msewu ulibe galimoto. Ananjuta n'kutulutsa jekete lakuda m'jumbo.

"Abambo akuti musoke lero. Mawa kuli alendo."

Jeketelo linali litang'ambika kukhwapa kwamanja, msoko wonse kuthetheka mpaka kumsana. Mayi Agnes anasoka majekete ambiri pamoyo wawo. Lokodwa pa msomali limang'ambika nsalu. Lothetheka kukhwapa ndi la munthu amene anakweza mkono mwamphamvu, kambirimbiri.

"Lang'ambika bwanji?"

"Akuti anakodwa pa njinga."

Nachisale anavala malaya a manja aatali. Anaima pang'ono, akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ine sindinalichape," anatero. "M'matumba sindinapisemo. Inu atelala mumayamba mwapisa, eti? Kuopa kusokerera zinthu za eni."

Anatembenuka n'kumapita, m'mbali mwa msewu.

Kapepalako kanali m'thumba lam'kati, kopindidwa kanayi, kothothola m'kope la sukulu. Pamwamba penipeni, pamene mwana wasukulu aliyense amalemba dzina lake asanayambe ntchito, panalembedwa liwu limodzi lodulidwa mzere kunsi: Pempho. M'munsi mwake: Atsibweni anga amandimenya ndi ndodo ya fodya ndikachedwa ku kwaya. Anati ndikanena adzandithyola.

Mayi Agnes anawerenga liwu lapamwambalo kawiri, ndipo masamu aja anatheka. Kenaka anachita chimene telala aliyense amachita ndi nsalu. Anatembenuza kuti aone kuseri.

Anakhala nthawi yaitali osapalasa makina. Mayi Alima atafunsa ngati akudwala, anangopempha kuti awayang'anire katundu, n'kulunjika kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, jekete lili m'jumbo losasokedwa.

*

Lachinayi alendo awiri a ku likulu anafika ndi satifiketi ya m'felemu yagalasi. A Jones anavala malaya a kumaphunziro aja, atasitidwa mpaka zilembo zakumsana zikuwala. Achinyamata anali mu holo akuyeserera nyimbo yolandirira alendo. Mwambo usanayambe, mayi Agnes anapempha abusa kuti akulu ndi alendo ayambe alowa m'chipinda chapambali.

Mmenemo anapezamo mayi wina wovala yunifolomu ya polisi, Sajeni Jacinta, atakhala pafupi ndi mayi Alima ndi Blessings, amene anavula chipewa n'kuchifinya ngati chanyowa.

"Tsekani chitseko," anatero mayi Agnes. "Zimene zilankhulidwe muno si za maikolofoni."

"A Jeremiah sanafike," anatero abusa. "Tiwadikire?"

"Musavutike, abusa," anayankha Sajeni Jacinta. "Anapita kuchipatala m'mawa kukatenga mwana, anakapeza anzanga pageti. Ali kwathu kupolisi. Mwanayo watengedwa ndi mayi ake aang'ono a ku Nathenje, ndipo a zachisamaliro cha ana akudziwa. Mkono dokotala waulemba kale kuti si wa njinga. Ine ndatsala ndi funso limodzi: bamboyo anadziwa bwanji kuti mwana wanena?"

Maso onse anapita kwa a Jones. Iwo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wozolowera kufotokozera anthu osaphunzira.

"Ndanena kale. Ine sindinatchule dzina la munthu."

"Tikumbutseni mmene munawerengera," anatero mayi Agnes. "Kuyambira liwu loyamba."

"Ndi zosavuta. Ndinatenga maikolofoni, ndinati, 'Pempho.' Kenaka ndinawerenga pempholo, kuti..."

Anaima. Pakamwa panatsala potsegula. M'holo muja kwaya inkabwereza mzere umodzimodzi, a Bester akuiperekeza.

"Unali mutu wa nkhani," anatero a Jones motsitsa. "Unali wodulidwa mzere."

"Mwanayu wakhala m'gulu lanu zaka zitatu," anatero mayi Agnes. "Amaimba kutsogolo, pafupi ndi inu. Anthu makumi asanu anamva dzina. Inu nokha ndi amene munamva mutu wa nkhani."

"Ndiye ndi kulakwitsa chabe! Aliyense akhoza..."

"Pakhonde panga sipanali kulakwitsa," anadula mayi Alima. "Atsibweni ake munawadziwa bwanji ngati mwana simunamudziwe?"

"Anyamata anandiuza titamaliza kupemphera. Ndiye ndinati, munthu wamkulu ngati uja sitingamuweruze tisanamumve. Ndinafuna kuyanjanitsa banja. Kodi kuyanjanitsa ndi tchimo?"

"Munamupatsa kapepala 4 koloko," anatero Sajeni Jacinta. "5:10 anaitana kabaza."

"Ndine wachiwiri," anatero Blessings, osafunsidwa. "Mwamva nonse, woyamba ndi mayi Alima. Koma ndi zoona. Ndodo ndinaiona."

Sajeni anatulutsa kapepala kaja m'kathumba kapulasitiki n'kukaika patebulo, pafupi ndi satifiketi.

"Aka si kamene munawotcha?"



"Munawerenga mbali imodzi," anatero mayi Agnes. "Tembenuzani."

A Jones anatembenuza, ndipo mwachizolowezi anakonza kukhosi kuti awerenge mokweza.

"Ayi. Chamumtima. Kamodzi kokha pamoyo wanu, werengani chamumtima."

Kuseriko kunali mizere iwiri, yolembedwa mopanikiza mpaka bolopeni kuboola pepala: Chonde musawerenge pagulu ndipo musawauze atsibweni. Mupatse mayi Agnes okha, iwo analonjeza.

Milomo ya a Jones inayenda popanda mawu mpaka kumapeto. Mmodzi wa alendo aja anakoka satifiketi pang'onopang'ono n'kuigoneka chafufumimba pamwendo pake.

"Lolemba munalonjeza kanthu pakhonde panga," anatero mayi Alima. "Munakuwa, moti ndi wogula mchere yemwe anamva. Mwana mmodzi yekha, munatero."

"Ndinamva nanenso," anatero mlendo wa satifiketi uja. "Foni ndinachita kuichotsa kukhutu."

Chingwe cha kiyi chinakodwa pa khutu la a Jones povula, ndipo palibe anawathandiza. Anamuika patebulo. Abusa anamukankhira kwa mayi Agnes, n'kunena kuti mawa kugulidwe loko wa makiyi awiri, ndipo wosunga kiyi wachiwiri amusankhe atsikana eni ake. Mayi Agnes anamutola. Sanamve kupambana kulikonse. Lonjezo lija analipereka ndi pakamwa pawo, kiyi ali pakhosi pa wina, ndipo chaka chonse sanaumirire kuti kiyiyo apatsidwe. Dzulo lake anapita kuchipatala kukanena zimenezi kwa Pempho. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'anabe khoma.

A Bester anaitanidwa kuti abweretse bokosi. Analowa akupepesa, analiika patebulo, anatuluka akupepesa. Mayi Agnes anatsegula loko, Sajeni Jacinta ali pambali monga munthu wachiwiri. Panali patadutsa masiku anayi kuchokera pamene achinyamata makumi asanu anaona zimene zimachitikira kapepala kogwera mmenemo.

Munalibe kanthu.

A Jones anasuzumira, ndipo nkhope yawo inawala pang'ono.

"Mwaona? Ziro."

"Eya, ziro," anatero mayi Agnes akutseka bokosi. "Alendo lembani. Mwaona mmene amapangidwira."